Kujambula Magalimoto Othamanga Maola 24: Chomwe Chimakokera Akatswiri ku Le Mans

 Ambiri a inu kuno ku Mangalande mumandidziwa ndi kamera pakhosi m'maukwati, m'zinkhoswe ndi pa zisangalalo za 6 July. Koma mwezi wa June ukafika ndimasowa sabata yathunthu, ndipo ena mwakhala mukufunsa kuti achimwenewa amathawira kuti pomwe nyengo ya maukwati yafika pachimake. Ndimakhala ndili ku France, mu mzinda wa Le Mans, kukajambula magalimoto othamanga usana ndi usiku osalekeza. Mphwanga wina wa ku Leeds, yemwe wangogula kumene kamera, anandilembera kufunsa kuti mpikisano umenewu ndi wotani, nanga bwanji akatswiri ojambula zithunzi amaukonda chomwechi, komanso ngati munthu angadyerepo. Ndati ndimuyankhire pano kuti enanso atolepo kanthu.

MPIKISANO WAKE NDI WOTANI?

Formula One yomwe timaonera pa TV kawirikawiri imatha pasanakwane maola 2, ndipo wopambana ndi amene wayamba kumaliza maulendo omwe aikidwa. Mpikisano womwe ndikunena pano, womwe pa Chingerezi amati endurance racing, umayendera wotchi. Amaika nthawi, kaya maola 6, 12 kapena 24, ndipo nthawiyo ikakwana, galimoto yomwe yayenda mtunda wautali kuposa zinzake ndiyo yapambana. Liwiro lokha silikwanira ayi. Injini, mabuleki, magiya ndi nyali ziyenera kupirira mpaka kumapeto, chimodzimodzinso anthu ake.

Kholo la mipikisano yonseyi ndi 24 Hours of Le Mans. Unayamba mu 1923, ndipo umayendetsedwa ndi bungwe la Automobile Club de l'Ouest. Msewu wake, Circuit de la Sarthe, ndi wotalika makilomita 13.6 kuzungulira kamodzi, ndipo chigawo chachikulu ndi misewu wamba yomwe masiku ena onse mumadutsa mabasi ndi malole. M'zaka zaposachedwapa mumalowa magalimoto 62, iliyonse ndi madalaivala 3 osinthana. Ali m'magulu atatu: Hypercar, omwe ndi aliwiro kwambiri, LMP2, ndi LMGT3, omwe maonekedwe ake ndi ofanana ndi Porsche kapena Ferrari ya pamsewu. Onse amathamangira limodzi, ndiye kupitirirana sikutha. Mu 2010 Audi yomwe inapambana inayenda makilomita 5,410. Kumeneko kuli ngati kuyenda ulendo wa Blantyre kupita ku Lilongwe ka 17 pa tsiku limodzi. Mu 2023, pomwe mpikisanowu unkakwanitsa zaka 100, kunasonkhana anthu 325,000, ndipo Ferrari inapambana koyamba chipambanireni mu 1965.

Iliponso ina ya mtundu womwewu. Ku America kuli wa maola 24 ku Daytona mwezi wa January ndi wa maola 12 ku Sebring mwezi wa March. Ku Belgium kuli wa ku Spa, ndipo ku Germany kuli wa ku Nürburgring, komwe msewu wa makilomita pafupifupi 25 umadutsa m'nkhalango. Abale a ku Joni mwina mukudziwa za Kyalami 9 Hour, womwe unatchuka zedi m'zaka za m'ma 1960 ndi 1970 ndipo unadzachitikanso mu 2019.

KUWALA NDIKO KUMATIKOKA

Aliyense wogwira kamera amadziwa kuti chithunzi chimapangidwa ndi kuwala. Ukwati wa masana umakupatsa kuwala kwa mtundu umodzi kapena iwiri. Mpikisano wa maola 2 nawonso chimodzimodzi, dzuwa likakhala paliwombo ndiye kuti zithunzi zako zonse ndi za dzuwa lapaliwombo basi. Ku Le Mans tsiku lonse lathunthu limadutsa pamaso pa kamera yako, ndipo galimoto imodzimodziyo imaoneka mosiyana ola lililonse.

Masiku ano mpikisanowu umayamba 4 koloko masana Loweruka. Nthawi imeneyo magalimoto ali phuliphuli, mitundu yake ikuwala, ndipo onse 62 amafika pa makona oyamba atathithikana. Apa ndi pojambula khamu: mbendera, anthu odzaza m'mipando, ndi magalimoto akudutsa pansi pa mlatho wotchuka wa Dunlop, womwe anaumanga ngati theka la tayala.

Ife tinakulira komwe dzuwa limalowa cha m'ma 6 koloko, ndipo mdima umagwa msanga. Ku Le Mans mwezi wa June dzuwa limalowa cha m'ma 10 koloko usiku, ndipo limatsika pang'onopang'ono. Kuyambira cha m'ma 8 koloko kuwala kumasanduka kwa golide, kumabwera chammbali, ndipo fumbi ndi utsi zimaoneka ngati zikuyaka. Ojambula amakhala atasankhiratu malo awo kalekale, ena pa Dunlop, ena pa Tertre Rouge, kudikira kuti dzuwa lifike kumbuyo kwa galimoto.

Dzuwa likalowa pamabwera kanthawi kachisisira pomwe thambo limakhala lobiriwira moderako, nyali za magalimoto zitayaka kale. Kenako usiku. Apa ndi pomwe mumaona chinthu chomwe masana chimabisika. Pa msewu wowongoka wa Mulsanne magalimoto amapitirira makilomita 300 pa ola, ndipo akafika pa kona dalaivala amaponda buleki mwamphamvu mpaka zimbale za mabuleki zimafiira ngati makala a m'mbaula, kuonekera m'kati mwa mawilo. Ena amalavula malawi a moto ku ekizozi. Ukatsegula shutter kwa masekondi angapo, galimoto siioneka n'komwe, pamangotsala mizere yoyera ndi yofiira yolondola kukhota kwa msewu.

Koma nthawi yomwe akatswiri amaisungira mphamvu ndi m'bandakucha, kuyambira cha m'ma 5 koloko. Kumazizira, nthawi zina nkhungu imakhala itayala pansi, owonerera ambiri ali mtulo m'matenti, ndipo magalimoto omwe apulumuka usiku amatulukira atasintha nkhope. Kutsogolo kwake kwada ndi mafuta, zinyenyeswa za matayala ndi tizilombo, pena pomatidwa ndi tepi. Litsiro limenelo ndi umboni wa ulendo, moti makampani ena galimoto yawo ikapambana saitsuka, amaisunga momwemo.

Ine phunziro limeneli ndinaliphunzira mowawa. Ulendo wanga woyamba, mu 2015, ndinajambula ngati wamisala kuyambira poyamba penipeni. Pofika pakati pa usiku makhadi onse anali atadzaza, mabatire atatha, miyendo ikunjenjemera. Ndinati ndikapume pang'ono mu tenti. Podzidzimuka inali 9 koloko, dzuwa lili pamwamba. Ndinabwerera ku Mangalande ndi zithunzi zoposa 3,000, koma cha m'bandakucha panalibe ngakhale chimodzi. Mpikisano umenewu umayesa wojambula monga momwe umayesera dalaivala.

ANTHU AKE

Chachiwiri chomwe chimakopa akatswiri ndi nkhope za anthu. Galimoto ya gulu la Hypercar imalowa kukamwetsa mafuta pafupifupi mphindi 45 zilizonse, usiku wonse. Amakaniko amagona pansi m'galaja atavala helimeti, ndipo akangomva kuti galimoto ikubwera amadzambatuka, kugwira ntchito ya masekondi ochepa, n'kukagonanso. Dalaivala amatuluka m'galimoto 4 koloko m'mawa maso ali psuu, mnzake n'kulowa. Munthu wotopa sabisa zamumtima, ndiye kamera imapeza zomwe sizingapezeke pa mpikisano waufupi.

Mu 2016 ndinadzionera ndekha. Kampani ya Toyota inali itayesa kwa zaka zambiri osapambanako. Tsiku limenelo galimoto yawo inali patsogolo, Kazuki Nakajima ali pa chiwongolero. Patatsala mphindi pafupifupi 3 kuti maola 24 akwane, galimoto inatha mphamvu n'kuima pamaso pa khamu lonse, Porsche n'kudutsa kukatenga chikho. Zithunzi zomwe zinafala dziko lonse mawa lake zinali za anthu a m'galaja la Toyota, ena atagwira kumutu, ena misozi ili chuchuchu. Amene anali atalongedza kale makamera poganiza kuti nkhani yatha anangoti kukamwa yasa. Toyota inadzapambana mu 2018, Nakajima yemweyo ali m'gulu limodzi ndi Fernando Alonso ndi Sébastien Buemi.

Mbiri ya Le Mans imaonetsanso kuti chithunzi chikhoza kusintha zotsatira za mpikisano. Mu 1966 magalimoto a Ford GT40 anali pa nambala 1, 2 ndi 3, ndipo mabwana a Ford anafuna kuti afike pamzere womaliza limodzi kuti chithunzi chake chikhale chonyazitsa Ferrari. Ken Miles, yemwe anali patsogolo, anachepetsa liwiro kudikira anzake. Chipambano chinapita kwa Bruce McLaren ndi Chris Amon, ndipo oyendetsa mpikisano anati galimoto yawo inayambira kumbuyo, choncho inayenda mtunda wotalikirapo. Miles anali atapambana kale ku Daytona ndi ku Sebring chaka chomwecho, ndipo anamwalira pa ngozi miyezi iwiri yotsatira asanapambaneko ku Le Mans. Nkhaniyi ili mu filimu ya mu 2019 ya Ford v Ferrari, yomwe kuno ku Britain inatuluka ndi dzina loti Le Mans '66.

LUSO LAKE

Tsono mphwanga, tiye ku kamera. Galimoto yothamanga makilomita 300 pa ola imayenda mamita 83 pa sekondi imodzi. Ukaika shutter pa 1/1000 ya sekondi, chithunzi chimatuluka chakuthwa, koma pali vuto: mawilo amaoneka ataima, ngati galimoto yapakidwa pa msika. Chithunzi chotero sichionetsa liwiro. Liwiro la shutter lotere limathandiza pokhapokha galimoto ikubwera molunjika kwa iwe, kapena ikamwaza madzi nthawi ya mvula.

Luso lenileni ndi lomwe amati panning. Umatsitsa shutter kufika 1/125, 1/60, ngakhale 1/30, n'kumatsatira galimoto ndi kamera pa liwiro lake lomwelo. Miyendo imaima nji, zigongono zimagunda nthiti, ndipo umatembenuka ndi chiuno, osati manja. Umadina galimoto ikudutsa, osaima, kupitiriza kutsatira ngakhale wadina kale. Zikayenda bwino galimoto imaoneka bwinobwino mpaka zilembo zake, pomwe mitengo ndi anthu kumbuyo kwasanduka mizere. Poyamba zithunzi zambiri zimawonongeka, usataye mtima. Ubwino wa Le Mans ndi woti galimoto yomweyo imabweranso pakatha mphindi zitatu ndi theka, ndipo yomwe yafika kumapeto imakhala itadutsa pamalo pako maulendo oposa 300. Ukalakwitsa, ukonza ulendo winawo.

Pa zida, ambiri amanyamula makamera awiri, ina ili ndi lenzi ya 70-200mm, ina ya 400mm kapena 500mm yokhazikidwa pa monopod, ndi kalenzi kena kakafupi kojambulira m'galaja ndi khamu. Usiku pamafunika lenzi yotseguka kwambiri, monga f/2.8, ndi kukweza ISO. Flash usayerekeze kuiwalitsira dalaivala amene akuthamanga. Ngati uli kumbuyo kwa mpanda wa waya, monga momwe owonerera onse amakhalira, yandikiza lenzi pafupi ndi wayayo, itsegule mpaka mapeto, ndipo sankha pomwe dzuwa silikuwomba pa waya. Ukatero mpanda umazimirira pachithunzi.

Zina zooneka zazing'ono ndi zomwe zimapulumutsa: mabatire ambiri, makhadi okwanira, zotseka m'makutu chifukwa phokoso lake limagonthetsa, nsapato zolimba, chovala cha mvula cha iwe ndi cha kamera, ndi juzi ya usiku. Konza ndondomeko mpikisano usanayambe: udzaima pati dzuwa likamalowa, udzagona ola liti, udzadzuka ola liti. Ine masiku ano ndimagona pakati pa 1 koloko ndi 4 koloko, alamu ili pakhutu. Kawailesi ka m'thumba n'kofunikanso, chifukwa pa msewu wautali chonchi sungaone zonse, ndipo Radio Le Mans imaulutsa m'Chingerezi usiku wonse.

NGOZI ILIPO

Izi si masewera a ana. Pa 11 June 1955, Mercedes-Benz ya Pierre Levegh inaulukira m'khamu la owonerera, n'kupha iyeyo ndi anthu oposa 80. Mpaka lero palibe ngozi ina ya mpikisano wa magalimoto yomwe inapha anthu ochuluka chomwecho. M'masiku amenewo ojambula otchuka monga Louis Klemantaski ankaima m'mphepete mwenimweni mwa msewu popanda chotchinga, n'chifukwa chake zithunzi zawo zimaoneka ngati galimoto ikukugunda. Lero kuli mipanda, milu ya matayala ndi malo oikika a ojambula, ndipo pa Mulsanne anaikapo makona awiri mu 1990 kuti achepetse liwiro, galimoto ina itapitirira makilomita 400 pa ola mu 1988.

Ngakhale zili choncho, mu 2011, ola loyamba lisanathe, Audi ya Allan McNish inakhudzana ndi Ferrari itangodutsa mlatho wa Dunlop, n'kukawomba chotchinga pomwe kumbuyo kwake kunali ojambula. Zidutswa za galimoto ndi tayala zinawagwera ngati matalala. Mwamwayi palibe anavulala modetsa nkhawa, ndipo McNish anatuluka yekha. Mu 2013 dalaivala wa ku Denmark, Allan Simonsen, anamwalira atawomba chotchinga pa Tertre Rouge. Malamulo a ojambula ndi achidule: osafulatira magalimoto, dziwiratu kothawira, ndipo oyang'anira msewu akati choka, choka. Diso likakhala mu kamera, mtunda umanamiza.

NANGA NDALAMA?

Apa ndinene mosabisa. Ojambula ku Le Mans ndi ambirimbiri, ndipo chithunzi cha galimoto ikudutsa pa kona aliyense ali nacho. Omwe amadyerapo ndi omwe amapita atagwirizana kale ndi wina: timu, kampani yopanga magalimoto kapena matayala, othandiza timu ndi ndalama, dalaivala payekha, magazini, kapena mabungwe ogulitsa zithunzi ku nyuzipepala. Ntchito yawo ndi yothamanga. Amajambula, kuthamangira ku chipinda cha atolankhani kukasankha ndi kutumiza pa intaneti, n'kubwereranso kumsewu, chifukwa kasitomala akufuna zithunzi mpikisano uli m'kati.

Kuti ulowe m'kati mwa mpanda pamafunika chilolezo cha atolankhani. Amafuna kalata ya nyuzipepala kapena timu yomwe yakutuma, umboni wa ntchito yomwe unasindikizapo, ndi inshuwalansi. Wololedwa amapatsidwa kabulandi kokhala ndi nambala, ndipo wolowa mu pit lane amavala helimeti ndi ovolosi yosagwira moto. Wolowa ndi tikiti wamba awerenge malamulo a tikitiyo asanaganize zogulitsa zithunzi zake. Ine zaka zonsezi ndimajambulira kumbali ya owonerera, ndipo ulendowu amalipira ndi maukwati anu omwewa. Koma phindu ndaliona. Chiyambireni kupita ku Le Mans, holo yamdima siindiopsanso, ndipo akwati akamavina polowa, dzanja langa limawatsatira lokha.

KWA OFUNA KUPITA

Amene muli ndi pasipoti ya Malawi, Zambia kapena Zimbabwe mufunika viza ya Schengen, ndipo pemphani nthawi ikadalipo. Pa galimoto mukhoza kuwoloka pa sitima ya pamadzi kuchokera ku Dover kupita ku Calais, kapena ku Portsmouth kupita ku Caen, komwe kuli kufupi. Pa sitima ya pamtunda, TGV yochokera ku Paris Montparnasse imatenga pafupifupi ola limodzi, ndipo mu mzindamo muli tram yokafika kufupi ndi chipata. Mahotela amadzaza miyezi yambiri mpikisano usanafike, ndiye ambiri timagona m'matenti. Angerezi amapitako zikwizikwi chaka chilichonse, choncho Chifalansa chisakuopseni.

Mukatha, fikani sabata isanathe. Lachitatu ndi Lachinayi magalimoto amayeserera mpaka usiku, ndipo ndi mpata wabwino woyendera malo monga Arnage, Indianapolis ndi Porsche Curves khamu lisanachuluke. Lachisanu madalaivala amayenda pa mdipiti pakati pa mzinda, ndipo ndi pomwe mungajambule nkhope zawo pafupi popanda chilolezo chapadera.

Kwa iwe mphwanga wa ku Leeds, usayambire ku France. Donington Park siili kutali ndi kwanu, ndipo kulinso Silverstone ndi Brands Hatch. M'malo amenewa mumachitika timipikisano tating'ono Loweruka ndi Lamulungu pa mtengo wotsika. Pita ndi lenzi yomwe uli nayoyo, ukaime pa kona imodzi tsiku lonse, ukaphunzire panning mpaka chiuno chizolowere. Ukadzakhala ndi zithunzi 20 zomwe sukuchita nazo manyazi, undilembere, tidzawolokere limodzi mu June. Tenti yanga imakwana anthu awiri, koma 4 koloko m'mawa ndidzakudzutsa ndithu.